Chilengezo: Loweruka lino tidzamvera sewero loimba la ku America

Abale ndi alongo a m'gulu lathu la zisudzo ndi nyimbo, tikumana Loweruka lino 2 koloko masana ku holo yathu ija ya ku Katoto.

Ulendo uno sitiyeserera. Tidzakhala pansi n'kumvera opera yotchedwa Proving Up, yomwe nyimbo zake anapeka Missy Mazzoli, mawu n'kulemba Royce Vavrek. Inaonetsedwa koyamba mu 2018 ku Washington. Opera ndi sewero lomwe mawu ake amachita kuimbidwa, ndipo iyi ndi ya mtundu waung'ono, ya oimba ochepa.

Nkhani yake ndi ya banja lomwe linapita kukatsegula malo ku Nebraska, chigawo china cha ku America. Lamulo la Homestead Act la 1862 linkapereka maekala 160 kwa amene wakhalapo ndi kulima kwa zaka zisanu. Koma mvula yakana, mbewu zapserera, ana aakazi awiri amwalira. M'seweroli, kuti malo akhale ako, nyumba iyenera kukhala ndi windo lagalasi, choncho mabanja amabwerekana windo limodzi lomwelo akamva kuti woyendera malo wa boma akubwera. Ine pamenepa ndinayamba ndaseka, kenako ndinangoti chete.

Tikamaliza tidzakambirana ngati ifenso tingalembe yathu. Nkhani sitikusowa: onani mmene paini wa ku Chikangawa wathera, komanso nyumba zomwe zikukwera m'zitunda ndi kutsikira m'madambo a Mzuzu muno.

Mawu ndi a Chingerezi, koma tidzatanthauzirana. A gitala bwerani nawo. Musaiwale juzi, mukudziwa nokha kuzizira kwa kuno dzuwa likapendeka.