Buledi wako wa ku Saigon wandisowetsa tulo

Chilomoni, Lachinayi usiku

Mnzanga wapamtima,

Kalata yako inafika masabata atatu apitawo. Alamu ako ndi amene anakaitenga ku positi, n'kuyenda nayo m'thumba la jekete masiku awiri asanakumbukire kundipatsa. Inandipeza itakwinyika, koma ndinaiwerenga kawiri ndisanavule n'komwe nsapato. Masamba anayi, iwe, atatu onse nkhani ya buledi! Za moyo wako ku Vietnam mizere iwiri basi, yoti uli bwino ndiponso kukutentha. Ife kuno tikuwerenga miyezi ndi zala kuti ubwera liti, mwini wakene ali kalikiliki kutamanda chakudya cha m'mbali mwa msewu. Si iwe unkabweza mbale ku sukulu ukangoona kachiwindi m'ndiwo? Lero akuti m'mawa uliwonse ukumadya chiwindi chopera chopaka pa buledi, utakhala pa kampando ka pulasitiki ngati mwana wa ku sukulu ya mkaka. Gawo limenelo ndinawawerengera amayi ako. Anaseka mpaka kutsokomola, kenaka anangoti zii, n'kupempha kuti ndiwasiyire envelopu azionako kalembedwe kako.

Ndachedwa kuyankha chifukwa ndimafuna ndiyambe ndapanga banh mi wakoyo, buledi wolongamo nyama ndi zamasamba uja, kuti polemba ndikhale nditalawa chimene iwe umadya. Pano ndapanga kasanu.

Zam'kati zija sizinandivute. Radishi woyera wautali amene unanena ndinamufunafuna ku Limbe, m'masitolo a amwenye momwe, sabata imeneyo kunalibe. Ndinangothyola papaya wosapsa kuseri kwa bafa, n'kumusenda, n'kumudula timizere topyapyala ngati machesi pamodzi ndi makaroti awiri. Ndinathira mchere pang'ono, n'kufinya ndi manja mpaka zinayamba kupindika osathyoka, kenaka kutsuka. Madzi ake ndi theka la kapu ya viniga, theka la kapu ya madzi ofunda, ndi masupuni anayi a shuga. Pakatha ola limodzi zimakhala zalowerera, koma za tsiku lachiwiri ndiye zokoma. Unati kumeneko amazitcha do chua. Amayi a mapasa atalawa anati ndi achali wosamaliza, ndipo anatenga botolo lathunthu, mpaka lero botolo langa silinabwerere.

Chiwindi ndinagula cha nkhuku, kota ya kilo. Ndinachiviika mu mkaka kwa ola kuti fungo lichepe, n'kuchikazinga ndi anyezi, adyo ndi majarini wambiri ndithu, kuthira tsabola wakuda, kenaka kusinja mu kamtondo kakang'ono ka nsinjiro mpaka chinasalala. Chikagona mu filiji chimalimba n'kumapakika ngati chiponde. Nyama yozinga m'masamba a nthochi ija, cha lua, sindinaiyese. Ndinapita pa nkhumba yowotcha, poti unati nayonso ndi yodziwika kumeneko. Ndinaidula mopyapyala, n'kuigoneka mu adyo, shuga, soya sosi ndi tsinde la lemon grass losinja. Ukudziwa kuti chitsamba chija tinabzala limodzi pafupi ndi mpopi chikadalipo? Zaka zonsezi ndakhala ndikuthyola masamba okha n'kuthira mu tiyi, osadziwa kuti kunsi kwake koyerako n'kumene kuli ndiwo.

Msuzi wa nsomba, nuoc mam, ndinaupeza m'sitolo ina ya Matchaina, koma mtengo wake nditauona ndinabwezera botolo pa shelefu. Mtsikana wanga wamkulu anandiwerengera pa foni kuti amaupanga ndi tinsomba ting'onoting'ono ta m'nyanja ya mchere, kutiunjika m'migolo ndi mchere kwa miyezi yambiri, ndipo wotchuka amachokera pa chilumba cha Phu Quoc. Nditamva za tinsomba, mtima unapita pa usipa. Ndinasinja wouma dzanja limodzi, n'kuuwiritsa ndi madzi pang'ono ndi mchere, kusefa, n'kuthira masupuni awiri pa nyama. Usandiseke, zinakoma. Ukabwera ndi botolo lenileni tidzayerekeza.

Tsopano buledi. Apa ndi pamene mutu wandizungulira, mnzanga.

Unalemba kuti kunja kwake kumakhala kopyapyala, ukaluma kumasweka n'kugwetsa nyenyeswa pa chitenje, pomwe m'kati muli wofuwofu ngati thonje. Mawu amenewo sakundichoka m'mutu. Ndinayamba ndi mabanzi aatali a ku bekale, koma amenewo ndi otsekemera komanso ofewa mbali zonse, ukathira zoviika zija amangonyowa n'kumamatira ku nkhama. Buledi wautali wa Chifalansa wa m'masitolo akuluakulu m'tauni naye ndi wolimba kwambiri, alamu ako anati nsagwada zinawawawa tsiku lonse. Ndiye ndinati ndiphika ndekha.

Ulendo woyamba ndinasakaniza fulawa ndi ufa wa mpunga, poti anthu ambiri amati chinsinsi chake ndi chimenecho. Ndinapereka Kilombero wanga wabwinobwino ku chigayo. Unatuluka buledi wolemera, wosatupa, m'kati muli gwa. Ndinadandaula kwa aphunzitsi athu a zophikaphika aja titakumana ku tchalitchi (akalamba, akuyendera ndodo, koma mutu ukadali wakuthwa, ndipo akupereka moni). Anandifotokozera kuti mu tirigu muli kaulimbo kotchedwa gluten, kamene kamatamuka ukamakanda n'kumagwira mpweya wa yisiti. Mpunga ulibe kaulimbo kameneko, choncho ukauchulutsa buledi satukuka. Anati ndisiye mpunga, ndikande nthawi yaitali mpaka mtanda uzitamuka osang'ambika, ndiponso ndiphwanyiremo kachidutswa ka piritsi la vitamin C, chifukwa limalimbitsa kaulimboko.

Ulendo wachiwiri ndinatsata zimenezo. Theka la kilo ya fulawa, madzi kapu imodzi ndi kota, yisiti masupuni aang'ono awiri, mchere ndi shuga pang'ono. Ndinakanda mphindi 20, kumenyetsa mtanda pa tebulo mpaka aneba anatumiza mwana kudzafunsa ngati kuli bwino. M'kati munafewa ndithu, koma kunja kunali mbuu, kolimba ngati chikopa. Ulendo wachitatu chimodzimodzi. Ndinagona ndikuganiza buledi, ku ntchito ndikuganiza buledi, pa msonkhano wa chigwirizano amayi akukambirana za chopereka cha denga la tchalitchi ine ndikuwerengera mphindi za uvuni m'mutu. Usiku wina ndinadzuka 2 koloko kukasuzumira mtanda mu beseni. Alamu ako anandipeza ku khitchini n'kundifunsa ngati ndikudwala.

Chimene chimasowa ndi nthunzi. Mphindi zoyambirira buledi akalowa mu uvuni wotentha kwambiri, kuzungulira madigiri 230, khungu lake limafunika likhale lonyowa kuti lizitamuka pamene m'kati mukutupa. Likauma msanga limakhuthala n'kutsekereza buledi. Ndiye umayika thireyi ya madzi owira pansi pa uvuni, kuwaza madzi pamwamba pa mtanda, n'kucheka mzere umodzi wautali ndi lezala, mopendeketsa, kuti buledi apeze potsegukira. Ulendo wachinayi ndinakonza zonsezi, timitanda tisanu ndi kamodzi tatupa bwinobwino pa thireyi, uvuni wafika, lezala lili m'manja. Magetsi thi! Ndinakhala pansi pa khitchini n'kulira, ndipo ndikudziwa kuti sindinkalirira buledi yekha.

Anandidzutsa ndi mtsikana wanga wamng'ono, amene anati tiyese pa mbaula monga agogo ake amaphikira chikondamoyo. Tinatenga mphika waukulu wachitsulo uja wa pa ukwati, kuthira mchenga pansi, kuutenthetsa mpaka dzanja osayandikira, n'kuikamo timitanda tiwiri pa kambale ka chitsulo. Ndinawaza madzi, kuvundikira, makala ena pamwamba pa chivundikiro. Titavundukula patatha mphindi 15, iwe, mzere uja unali utang'ambuka n'kutukula mlomo, mtundu wake wofiirira ngati nkhoko za nsima ya mgaiwa. Mphika wotseka uja unasunga nthunzi yonse imene uvuni wanga umataya. Tinasiya mphindi zina zisanu chivundikiro chili pambali kuti aume. Nditamutulutsa n'kumuika pa tebulo, anayamba kulira yekha, tsetsetse, khungu likung'aluka timing'alu pozizira. Tonse atatu tinaweramira pa tebulo kumvetsera, kandulo ili pakati.

Ndinamucheka m'litali osamaliza, n'kuchotsako pang'ono zam'kati kuti papezeke malo. Mbali imodzi mayonesi, mbali inayo chiwindi, timadontho ta soya sosi, nyama ikadali yotentha, kenaka papaya ndi karoti nditazifinya, nkhaka zodula m'litali, dhania ndi mitengo yake yomwe monga unanenera, ndi kambuzi mmodzi wodula tizidutswa. Kambuzi ndinachulutsa, ana anathamangira madzi. Koma nditaluma ndinamva zonse nthawi imodzi, kuwawasa, kutsekemera, mafuta a chiwindi, kuzizira kwa nkhaka, ndipo nyenyeswa zinagweradi pa chitenje. Ndinayang'ana wotchi, inali 9 koloko usiku. Inu muli patsogolo ndi maola asanu, ndiye kwanuko inali 2 koloko, uli mtulo, osadziwa kuti ku Chilomoni wina akudya nawe.

Komabe sindinakhutire. Khungu lake likadali lokhuthalirapo kuposa mmene unafotokozera, ndipo pofika m'mawa amakhala atafewa. Ulendo wachisanu pansi panapserera. Kodi vuto ndi fulawa wathu? Kodi ndikuchedwa kuvundukula? Ndikupempha, upite kwa mayi amene umagulako uja m'mawa kwambiri, uone dengu la buledi likamafika. Umunyamule m'manja undiuze kulemera kwake. Umuyeze ndi chikhatho. Ngati angakulole kuona kumene amaphikira, uone ngati amawaza madzi kangati. Usandiyankhe kuti ndi wokoma basi, zimenezo ndamva kale masamba atatu.

Mtsikana wamkulu uja ndiye watengeka ndi mbiri yake, akumandiwerengera ine ndikukanda. Akuti mawu oti banh mi amangotanthauza buledi wa tirigu. Anabwera ndi Afalansa, amene analanda Saigon mu 1859, ndipo kwa nthawi yaitali chinali chakudya chodula chifukwa tirigu ankachita kuchokera kunja. Afalansa atagonja ku Dien Bien Phu mu 1954 dziko linagawidwa pawiri, anthu oposa theka la miliyoni anasiya kwawo kumpoto n'kusamukira kummwera. Mwa iwo munali banja lina la ku Hanoi limene mu 1958 linatsegula kamalo kotchedwa Hoa Ma mu District 3, dera lina la mu Saigon, ndipo amati iwo ndi ena mwa oyamba kulonga nyama ndi zonse m'kati mwa buledi kuti munthu wothamangira ku ntchito angonyamula. Akuti malowo akadalipo mu msewu wa Cao Thang. Ukapiteko Loweruka lina, ukadye m'malo mwanga. Nkhondo ya ku Vietnam itatha mu 1975 ambiri anathawanso, ena pa mabwato, n'kukafika ku America, Australia ndi France, ndipo kumeneko anayamba kuphika buledi yemweyu. Mu 2011 dzinali linalowa mu dikishonale ya Oxford. Mwana amawerenga mokondwa, koma ine pamene anafika pa anthu osiya kwawo paja ndinasiya kukanda. Ndinaganiza za iwe pa bwalo la ndege ku Chileka, chikwama chako chobiriwira chija chokanika kutseka, ukutiuza kuti ndi zaka ziwiri zokha.

Zina ndi zomwe ukuzidziwa. Madzi akumabwera usiku okhaokha. Makala akwera mtengo moti kuphika buledi pa mbaula alamu ako akukuona ndi diso lofiira. Galu wa aneba anadya nkhuku yanga yoikira ija ndipo eni ake akukana. Telala anandiwonongera nsalu unanditumizira, wadula manja aafupi pomwe ndinamuuza aatali, ndipo sindikudziwa ngati ndimubwezere kapena ndingoisunga. Achimwene ako anabwera kudzabwereka wilibala mwezi watha, nayonso yatsata botolo lija. Iii, ndikanaiwala, wamkuluyu wasankhidwa kupita ku yunivesite ku Zomba, ayamba chaka chino. Ndidzakuuza bwino zimenezo.

Pepala latsala pang'ono ndipo kandulo yafika pa mbale. Pali nkhani imene ndakhala ndikuizungulira kuyambira pamwamba. Amayi ako ndinawapititsira banh mi mmodzi Lamlungu, ndinachotsamo tsabola. Anamugwira nthawi yaitali osaluma, akufunsa ngati ndi yemweyu umadya, ngati umakhuta, ngati kuli amene amakuphikira ukadwala. Anadya theka, theka linalo anakulunga mu kansalu. Mnzanga, aonda. Mwendo uja watupanso, ndipo ku chipatala anawasinthira mankhwala a BP kawiri mwezi uno. Anandiletsa kukuuza, akuti ungasiye ntchito n'kuthamangira kuno, ndipo achimwene ako nawo pa foni amangokuuza kuti zonse zili bwino. Ine sindikuti ubwere mawa, koma Disembala uja unkanena, ngati tikiti sunagule, ndimati mwina