Lipoti la msonkhano wa malamulo a ligi

Anzanga nonse a m'timu,

Munandituma ku msonkhano wa oimira matimu a ligi yathu ya masewero a pavidiyo owomberana Loweruka lapitali, ndipo munandisenzetsa madandaulo awiri: loti obera achuluka, ndi loti osewera ndi kontrola akutipha mosavuta chifukwa cha aim assist, thandizo lolozetsa mfuti limene masewero amapereka kwa a kontrola. Onse awiri ndakawatula. Koma ndabwerako ndi maganizo oti chimene chakhala chikutidya kwambiri ndi ping, nthawi imene uthenga umatenga kupita ku seva ndi kubwerako, ndipo ndifotokoza.

Pa za obera sitinachedwepo. Wopezeka ndi aimbot (pulogalamu yolozetsa mfuti yokha) kapena wallhack (yoonetsa adani kuseri kwa khoma) azichotsedwa mu ligi osabwereranso, ndipo palibe anatsutsa. Mkangano unali pa umboni. Valorant ili ndi Vanguard, Call of Duty ili ndi Ricochet kuyambira 2021, Counter-Strike imadalira VAC, koma mapulogalamu ogwira obera onsewa amagwira ena, ena n'kupulumuka. Choncho tamanga mfundo yoti pa masewero a ligi aliyense azijambula sikirini yake kuyambira poyamba mpaka pomaliza, mawu omwe.

Apa ndiulule manyazi anga. Kavidiyo kaja ndinanyamula, ka mnyamata amene anandiwombera kudzera pachitseko, anakaonetsa onse akuona. Kenaka woimira timu yawo anatsegula zomwe mnyamatayo anajambula yekha. Mapazi anga akumveka gu gu gu pamasitepe, mwana n'kungoima, kulozetsa mfuti pachitseko, kudikira. Sanabere. Ndine ndinkathamanga ngati ndili ndekha m'mapu monse. Ndapepesa pomwepo, ndipo amene munamulembera mawu aja mu chat mukudzidziwa, mukapepesenso.

Tsopano ping. Mayi wina amene amayendetsa maseva a ligi anatijambulira nkhaniyi pang'onopang'ono mpaka tonse tinangoti kukamwa yasa. Mdani akatulukira pakona, uthenga woti wasuntha umayamba wapita ku seva, kenaka n'kubwera kwa iwe. Pa kanthawi kameneko iye wakuona kale, iwe ukuonabe khoma. N'chifukwa chake wotulukira amakhala ndi mwayi kuposa wodikira. Seva ya 64 tick, kutanthauza ka 64 pa sekondi, imawerengera zochitika pafupifupi mamilisekondi 16 aliwonse, ya 128 tick pafupifupi 8, ndipo Riot inadzitama ndi 128 potulutsa Valorant mu 2020. Komatu mamilisekondi 8 apindula chiyani ngati mmodzi ali pa ping ya 20, mnzake pa 180?

Chinanso, seva imabweza nthawi m'mbuyo pang'ono kuti ione pomwe unali pa sikirini ya wowombera pamene ankakanikiza batani. Kuteroko n'kuchitira chilungamo wowomberayo, koma ndi chomwe chimachititsa kuti ufe utabisala kale kuseri kwa khoma. Imfa zambiri zimene takhala tikukuwa kuti "wabera!" n'zoterezi. Mgwirizano ndi wakuti matimu awiri azisankha seva imene ping yawo siyikusiyana kwambiri. Zikakanika, azisinthana: mapu oyamba pa seva ya awa, achiwiri pa ya awo, achitatu mwa maere. Ndavotera zimenezi ndi manja awiri, ngakhale simunanditume.

Za aim assist sizinatiyendere. Ndinapempha kuti a kontrola akhale ndi gawo lawolawo, koma ambiri anakana, ati matimu achepa. Anandikumbutsanso kuti wa mausi amalozera ndi mkono wonse pomwe wa kontrola ali ndi chala chachikulu chokha, ndipo patali wovutika ndi wa kontrolayo. N'zoona. Ine ndinayankha kuti pafupi zimatembenuka, ndipo ngakhale Respawn inatsitsa aim assist ya Apex Legends kuchoka pa 0.4 kufika pa 0.3 m'masewero a pakompyuta mu 2024, kusonyeza kuti eni ake anaona kuti yapyola. Sizinawasunthe. Chimene tapata n'chakuti zipangizo ngati Cronus Zen ndi XIM, zoletsa mfuti kudumpha kapena zonamiza masewero kuti mausi ndi kontrola, zaletsedwa. Ifenso a kiyibodi sanatisiye: Snap Tap, njira ya m'makiyibodi ena yothandiza kusintha mbali msangamsanga, imene Valve inaletsa mu Counter-Strike 2 mu Ogasiti 2024, yaletsedwa kwa tonse. Amene munagula kiyibodi chifukwa cha iyoyo, muizimitse.

Matimu amphamvu angapo anafuna kuti magawo a luso athe, aliyense azikumana ndi aliyense, ati masewero a anthu ofanana mphamvu amatopetsa. Kunena chilungamo, akufuna anthu owaphunzirirapo kuwombera. Wina anawakumbutsa kuti Activision, eni Call of Duty, inalemba mu 2024 kuti itayesa kufewetsa kasankhidwe ka osewera potengera luso, anthu othawa masewero ali mkati anachuluka, ndipo obwereranso anachepa. Magawo akhalapobe.

Vuto lake ndi nambala yoyezera luso. Njira ya Elo inapangidwira chess, anthu awiri basi, ndipo bungwe la chess la dziko lonse, FIDE, linaitenga mu 1970. M'timu ya anthu asanu, kupambana kokha sikunena amene wasenza anzake ndi amene wangonyamulidwa. Ndiye katswiri akatsegula akaunti yatsopano n'kumasewera ndi ongoyamba, kapena akasewerera mnzake kuti amukweze rank, nambala ija imasanduka bodza. Ku South Korea kukwezera anthu rank polipidwa ndi mlandu wa kukhoti. Ife sitifika kumeneko, koma lamulo latuluka: munthu mmodzi, akaunti imodzi, ndipo timu yopezeka ndi smurf, katswiri wobisala pa akaunti ina, ilandidwa mapointi a masewero onse amene iyeyo anasewera.

Lamulo limeneli likutikhudza, tisanamizane. M'timu mwathu muli wina amene amalowa pa akaunti ya mng'ono wake akafuna kupumula. Mayina a maakaunti akufunika pofika Lachisanu, ndiye aliyense anditumizire imodzi yokha, ndi chithunzi cha ping yake pa maseva onse a ligi. Lachitatu madzulo tiyese kujambula sikirini tonse pamodzi, chifukwa kompyuta yanga ikamajambula imayamba kukoka, ndipo ndikukayika ngati ndili ndekha.