Alendo abwere, koma nsomba zisathe ku Cahora Bassa

A Mkonzi,

Mwezi watha ndinakacheza kwa amalume ku Mágoè, m'mbali mwa nyanja ya Cahora Bassa. Kukongola kwake, abale! Mvuu zikumemesa m'bango, usiku nyali za asodzi a kapenta zili ngwee pamadzi. Koma mtima unandiwawa nditaona anyamata akukokolola tinsomba ndi masikito, mitengo ya pagombe ikuthera makala.

Boma la Mozambique lidakhazikitsa paki yoteteza nyama zakutchire ya Mágoè mu 2013, ndipo lamulo limati 20 peresenti ya ndalama zotoleredwa pa nkhalango ndi nyama zakutchire izibwerera kwa eni dera. Ndalamazo zizilengezedwa pabwalo, aliyense amve. Pokonza mapulani a malo ogona alendo, mafumu ndi asodzi akhalepo, ndipo madoko awo asatchingidwe ndi mipanda.

Wowerenga wanu,
Ulongwe, Angónia