Kalata yotseguka kwa Nduna ya Zamaphunziro: wophunzira wa ku yunivesite amadyanso pa tchuthi

Olemekezeka a Nduna,

Ndine mphunzitsi pa sukulu ina ya CDSS m'chigawo chapakati. Ndikukulemberani za ana amene tidawaphunzitsa ife, nakhoza bwino MSCE, nasankhidwa kupita ku mayunivesite aboma a UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, Mzuni kapena MUST. Dziko limawakumbukira pomwe bungwe la NCHE latulutsa mayina a osankhidwa, komanso pomwe atuluka mumsewu kukadandaula za fizi kapena za ngongole. Sukulu zawo zikatsekera tchuthi chachitali, nkhani yawo imazilala. Komatu nthawi imeneyi ndi imene ife akumudzi timawaona, ndipo zimene timaonazo ndi zimene zandichititsa kulemba kalata ino.

Ndiyambe ndi kuyamikira. Lamulo la mu 2015 lomwe lidakhazikitsa bungwe lopereka ngongole kwa ophunzira a m'mayunivesite la Higher Education Students' Loans and Grants Board lathandiza ana ambiri amene akadathera pakhomo ndi mapointi awo abwino. Mu 2024 ndalama ya upkeep, yomwe ndi ngongole yoti wophunzira azidzisamalira nayo ali pa sukulu, idakwezedwa kuchoka pa K350,000 kufika pa K560,000 pa chaka, ndipo sitidanyoze. Koma tiyeni tiwerengere limodzi. Tikagawa K560,000 pa miyezi 12, mwezi uliwonse ukupeza ndalama yosakwana K47,000. Chaka chomwecho malipiro otsikitsitsa a munthu wapantchito adali K90,000 pa mwezi. Ndiye kuti wophunzira amayenera kulipira lendi, kudya, kugula sopo, bandulo ndi kusindikiza ma assignment ndi theka la ndalama imene boma lomwelo lidati ndiyo yochepetsetsa yomwe munthu angalandire. N'chifukwa chake palibe wophunzira amene amaigawa pa miyezi 12. Imathera mkati mwa semesita, nthawi zambiri mayeso asanayambe n'komwe, ndipo tsiku lotsekera sukulu limamupeza ali manja lende.

Apa ndiye pagona nkhani yanga, a Nduna. Dongosolo lonseli lidamangidwa pa ganizo loti sukulu ikatsekera, mwana amabwerera kwa makolo ake ndipo iwo ndiwo amudyetsa mpaka tsiku lotsegulira. Koma mwana yemweyu adapatsidwa ngongole chifukwa adapereka umboni woti kwawo n'kosauka. Mafomu adadzaza, osaina adasaina, bungwe lidakhutira kuti makolo ake sangakwanitse. Nanga zimatheka bwanji kuti makolo omwe boma lavomereza kuti sangamusamale m'miyezi ya sukulu, akhale ndi mphamvu zomusamala miyezi iwiri kapena itatu ya tchuthi, n'kumupezeranso ya thiransipoti ndi ya lendi yobwererera? Umphawi wa pakhomo sudziwa kalendala ya yunivesite.

Ndipo makomo amene anawa akubwererako si a zaka khumi zapitazo. Ndalama ya kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Mu March 2023 namondwe wa Freddy adakokolola minda ndi nyumba kum'mwera. Chaka chotsatira ng'amba ya El Niño idachititsa boma kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya njala. Banja lomwe likudya kamodzi pa tsiku limakhala litawerengera kale kuti uyu wa ku yunivesite adachoka pa mphika. Akatulukira ndi chikwama chake, amamulandira ndi nthungululu ndithu, koma madzulo mayi amayang'ana ufa wotsala m'thumba. Chopweteka china n'chakuti kumudzi anthu amakhulupirira kuti wa ku yunivesite ali ndi ndalama. Achemwali ake akufuna ya mayeso, agogo akufuna ya mankhwala, anzake a pa msika akuti gula kenakake bwana. Mwana amachita manyazi kunena kuti mwezi wathawu iyeyo ankagonera madzi ndi mandasi.

Tsono pali nkhani ya lendi, yomwe anthu a m'maofesi sakonda kuiganizira chifukwa ambiri a iwo adaphunzira nthawi imene aliyense adali ndi bedi ku hositelo ndi chakudya ku kafeteriya. Lero ophunzira ochuluka amakhala kunja kwa sukulu, ku Chikanda ku Zomba, ku Luwinga ku Mzuzu, ku Goliati ku Thyolo, ndi m'makwalala a Blantyre ndi Lilongwe. Alandilodi ambiri amati ukafuna kudzachipeza chipinda chako, uzilipira ngakhale uli ku tchuthi. Ine sindiwadzudzula kwambiri, chifukwa ena mwa iwo ndi amayi amasiye amene tizipinda timeneto ndiye munda wawo. Koma taonani pamene wophunzira waima. Akalipira, akulipirira chipinda chopanda munthu ndi ndalama yomwe alibe. Akachisiya, matiresi, mbaula ndi mapoto aziika kuti, ndipo pobwera adzayamba kusakanso malo mitengo itakwera, nthawi zina kutali ndi sukulu komwe mtsikana sangayende usiku pochokera ku laibulale. Ena amangoganiza zosapita kwawo n'komwe, makamaka amene kwawo ndi kutali. Mwana wa ku Chitipa wophunzira ku Thyolo, kapena wa ku Nsanje wophunzira ku Mzuzu, ulendo wopita ndi kubwera umamudyera ndalama yomwe akadadyera mwezi wathunthu. Amatsala m'tauni, wopanda upkeep, wopanda ntchito, wopanda mbale.

Nkhani yomwe imandiwawa kwambiri ndi ya attachment. Maphunziro ambiri, monga a uinjiniya, ulimi, utolankhani ndi zowerengera ndalama, amafuna kuti wophunzira akagwire ntchito kwinakwake kwa masabata angapo, ndipo kawirikawiri zimenezi zimagwera pa tchuthi. Popanda attachment digiri palibe. Koma makampani ndi maofesi oti munthu angaphunzirepo kanthu ali m'mizinda, pomwe mwana kwawo ndi kumudzi. Ayenera kupeza pogona ku Lilongwe kapena ku Blantyre, ayenera kukwera minibasi m'mawa ndi madzulo, ayenera kuvala mooneka bwino, ndipo malo ambiri salipira kanthu. Mnyamata wina amene ndidamuphunzitsa masamu adandiuza kuti ankayenda wapansi kuchoka kumene ankagona pakhonde la mnzake mpaka kuntchito, n'kumanena kuti akusala kudya anzake akamapita ku nkhomaliro. Kumeneko amagwira ntchito yeniyeni, yomwe ikadafuna munthu wolipidwa. Zotsatira zake n'zakuti mwana wa munthu wopeza bwino amasankha malo abwino ophunzirirapo, pomwe mwana wa mlimi amangofuna ofesi iliyonse ya pa boma kwawo yoti imudindire kalata, ngakhale akhale osaphunzirapo chilichonse. Onse adzalandira digiri yofanana, koma pofunsira ntchito kusiyana kwawo kudzaonekera, ndipo tidzati winayo ndi wogona.

Awa ndi amene adachita mwayi wa ngongole. Alipo ena amene adapempha osapatsidwa, ndi ena amene adapatsidwa ya fizi yokha. Kwa iwowa tchuthi ndi nthawi yosaka fizi. Mu 2023 fizi ya ku UNIMA idakwera kuchoka pa K350,000 kufika pa K650,000 pa chaka, ndipo mayunivesite ena aboma nawo adakweza. Ndalama imeneyi munthu sangaipeze ndi ganyu woumba njerwa kapena kupalasa kabaza wobwereka kwa miyezi iwiri, ngakhale ndawaona akuyesa. Ena amagulitsa laputopu yomwe amaphunzirira. Ena amagwa m'manja mwa akatapila, kapena mayi awo amakatenga ku banki m'khonde n'kumadzathawa m'mudzi tsiku lobweza. Anyamata ena amataya kochepa komwe ali nako pobetcha mpira, poganiza kuti tsiku lina zidzawayendera. Za atsikana ndilankhula mosamala chifukwa anthu amafulumira kuwaweruza. Pali abambo a magalimoto amene amadziwa bwino lomwe mwezi umene mtsikana wa ku koleji amakhala wosowa mtengo wogwira, ndipo amaudikira mwezi umenewo. Mtsikanayo akabwera ndi pathupi kapena matenda, timati adalowerera.

Mwina wina mu ofesi yanu anena kuti m'mayiko ena ophunzira amagwira ntchito pa tchuthi n'kudzipezera okha. Kumeneko ntchito zake zilipo. Kuno omaliza maphunziro enieniwo akuyenda ndi maenvulopu m'misewu, mpaka boma lidachita kuyambitsa pulogalamu ya ma intern mu 2018 kuti ena apezeko pogwira. Wophunzira wa chaka chachiwiri apikisana bwanji ndi mkulu wake wa digiri pa ntchito yogulitsa m'sitolo?

Komabe ntchito imodzi ilipo, ndipo ili m'manja mwanu momwemo. Sukulu za CDSS zilibe aphunzitsi okwanira a Masamu, Physics, Chemistry ndi Biology. Izi simukufunika kuchita kufufuza, funsani mphunzitsi wamkulu aliyense. Makalendala a mayunivesite, makamaka chisokonekereni ndi mliri wa Covid-19 mu 2020, sayendera limodzi ndi a sekondale, kotero kawirikawiri ophunzirawa amakhala pakhomo ife tili m'kalasi. Ndipo kale kale amabwera okha kudzapempha kuti athandizeko. Timawalandira, komiti ya makolo n'kumawapatsa kangachepe ka sopo ikakhala nako, ikakhala ilibe timangothokoza pakamwa. Ana athu a Fomu 4 amawamvera kwambiri, chifukwa akuona munthu wa m'mudzi mwawo amene adakhala pa desiki lomwelo ndipo adatheka. Chomwe chikusowa ndi dongosolo. Unduna ukhoza kulemba mayina a ophunzira ofuna kuphunzitsa pa tchuthi, kuwatumiza ku sukulu za kufupi ndi kwawo kudzera m'maofesi a zamaphunziro, n'kumawapatsa alawansi yodziwika pa mwezi. Sadzafuna nyumba kapena thiransipoti chifukwa ali kwawo. Ndikudziwa kuti si aphunzitsi ophunzitsidwa ntchito ndipo sangalowe m'malo mwa aphunzitsi amene akudikira kulembedwa, amenenso ndi nkhani ina yofunika kalata yakeyake. Koma kuthandiza ana kubwereza mapepala akale a mayeso ndi kuwayang'anira mu labu, pomwe labuyo ilipo, angathe bwino lomwe.

Pa za ngongole, pempho langa ndi loti miyezi ya tchuthi iwerengeredwe. Wophunzira amene ali pa attachment yokakamizidwa ndi maphunziro ake ali pa sukulu ndithu, ndipo ayenera kulandira upkeep ya miyezi imeneyo. Kwa enawo, ngakhale theka la ndalama ya mwezi lingasunge chipinda ndi kulipira ulendo wobwerera. Tisaiwale kuti iyi ndi ngongole, mwini wake adzabweza. Mukafunsa kuti ndalama zake zichokera kuti, ndikulozerani kwa amene adaphunzira ndi ngongole ya boma kuyambira 1985 ndipo mpaka lero sadabweze. Ambiri a iwo sali kutali. Ali m'maofesi a boma, m'mabanki ndi m'makampani, ndipo lamulo lidapatsa kale bungwe mphamvu zowalondola kudzera kwa owalemba ntchito. N'zomvetsa chisoni kuti munthu amene adadya ku kafeteriya katatu pa tsiku ndi ndalama ya boma akhale chete pamene mwana wa lero akusala kudya mokakamizidwa.

Zina sizifuna n'komwe ndalama zambiri. Mahositelo a mayunivesite aboma amakhala opanda anthu pa tchuthi. Chingalephereke n'chiyani kuti wophunzira wa ku Mzuni amene wapeza attachment ku Blantyre agone ku hositelo ya MUBAS pa mtengo wotsika, pomwe malo alipo? Chipinda chimodzi chokhoma pa sukulu iliyonse chingasunge matiresi ndi mapoto a ophunzira okhala kunja, kuti asamalipire lendi chifukwa cha katundu basi. Maunduna ndi makampani aboma, amene amatenga ophunzira ambiri pa attachment, ayambe ndi iwo kupereka ya minibasi ndi ya nkhomaliro, tisanapite kukapempha makampani a anthu wamba. Ndipo tsiku lotsegulira likalengezedwa lisamasinthesinthe, upkeep ifike sabata yoyamba, chifukwa mwana wobwera kuchokera ku tchuthi cha njala alibe poyambira.

Chomaliza chomwe ndikupempha ndi chiwerengero. Ofesi ya registrar pa yunivesite iliyonse ikudziwa ophunzira amene adalemba mayeso a kumapeto kwa chaka, nakhoza, koma osabwereranso sukulu itatsegulira, komanso amene adalemba kalata yoimitsa kaye maphunziro chifukwa cha ndalama. Itanitsani manambala amenewa a zaka zitatu zapitazi, agawidwe potengera anyamata ndi atsikana, a ngongole ndi opanda ngongole, komanso mtundu wa sekondale komwe adachokera, ndipo muwatulutse poyera aphungu asanayambe kukambirana bajeti ya chaka cha boma chomwe chimayamba pa 1 April. Ine ndikukhulupirira kuti mudzapeza ana a ma CDSS atachuluka pa mndandandawo, ndipo ndidzafuna kumva zimene unduna wanu udzanene mukadzauona.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa masamu pa CDSS ina m'chigawo chapakati