Kalata kwa Akhristu: Za Mafoni ndi Mauthenga Pakati Pathu

Okondedwa mwa Ambuye, abambo ndi amayi, achinyamata ndi ana a Sande sukulu, a pano pasiteshoni ndi a ku nyumba zathu zonse za mapemphero, ndi inu ana athu amene muli ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Joni, chisomo ndi mtendere wa Ambuye wathu Yesu Khristu zikhale nanu.

Kalatayi iwerengedwa m'tchalitchi Lamulungu likubwerali, ndipo alembi aitumizanso pa gulu lathu la WhatsApp. Ndailemba mtima uli wolemera chifukwa cha zimene zinachitika pa maliro a mwezi wathawu. Bwalo la akulu a mpingo linakhala pansi kukambirana nkhaniyi, ndipo a kubanja andilola kuti ndiitchule, koma maina ndiwasunga.

Mukudziwa kuti tinaika m'manda mnyamata wathu wa m'kwaya amene anachita ngozi ya njinga yamoto pa msewu wa M1, chakufupi ndi Lizulu. Ngoziyo inachitika m'mawa. Pasanathe ola, chithunzi chake ali chigonere m'mbali mwa msewu chinali chitalowa kale pa gulu la mpingo. Mayi ake alibe foni, ndipo nthawi imeneyo anali kudimba kuthirira kabichi. Malume ake a malemu ndi akulu a mpingo awiri anali atanyamuka wapansi kuti akawafikire monga mwa mwambo, amayi a Chigwirizano akubwera m'mbuyo mwawo. Sanawapeze msanga. Mayiwo pobwerera anadzera pamjigo kuti asambe m'manja, ndipo mtsikana wina, poyesa kuti amva kale, anagwada n'kunena kuti, "Pepanitu amayi ndi zovutazi." Iwo anafunsa kuti, "Zovuta zanji mwanawe?" Mtsikanayo anasowa chonena, n'kungowapatsira foni. Anakomokera pomwepo, pamatope, popanda munthu wamkulu woti awagwire.

Mtsikanayo sindikumuimba mlandu. Mlanduwo ndi wa tonse amene tinali pa gululo, ndipo woyamba ndine. Nditaona uthengawo ndinalemba mawu achipepeso, ena n'kumatsatira, koma sindinafunse funso limodzi loyenera mbusa kufunsa: kodi mayi ake auzidwa? Ndinapita kukapepesa kwa mayiwo, ndipo lero ndikupepesa kwa mpingo wonse.

Makolo athu sanali opusa pamene anaika dongosolo la uthenga wa maliro. Umayamba wafika kwa akulu a pabanja, iwo n'kukagwada kwa mfumu, ndipo pokauza mayi kapena mkazi wa malemu pamapita anthu okhwima maganizo. Amayamba amukhazika pansi, amayi anzake atamuzungulira, mawu n'kumatuluka pang'onopang'ono. Kuchedwako kumakhala ndi ntchito yake. Kumapereka mpata woti uthenga ukamafika, manja omugwira munthuyo akhale atafika kale. Foni imathamangitsa mawu n'kusiya manja m'mbuyo.

Musamve ngati ndikuti titaye mafoni. Mpingo sunayambe lero kulandira zida zatsopano. Amishoni a Dutch Reformed anafika ku Mvera mu 1889, ku Nkhoma mu 1896, ndipo kuno ku Mlanda mu 1902. Iwo anabwera ndi sileti, choko ndi makina osindikizira mabuku, zinthu zimene agogo athu anali asanazionepo. Buku Lopatulika litatuluka mu 1922, pambuyo pa zaka zambiri za ntchito ya William Murray ndi anzake, akuda ndi azungu, munthu wa kumudzi anayamba kudziwerengera yekha Mawu a Mulungu pakhonde pake. Kenaka inabwera wailesi, odwala n'kumamva ulaliki ali pamphasa. Foni yangolowa pamzere womwewo, ndipo zabwino zake taziona ndi maso.

Kumbukirani chaka cha 2020, boma litaletsa misonkhano ya anthu opitirira 100 chifukwa cha Covid-19. Achinyamata athu ndi amene anatiphunzitsa kujambula ulaliki pafoni n'kuutumiza m'madera. Ine ndinkalalikira mabenchi opanda anthu, mnyamata atandilozetsa foni, koma madzulo ndinkamva kuti banja lakuti linasonkhana pabwalo kumvera. Malata a nyumba ya mapemphero ya kumtunda, gawo lalikulu anagula ndi ana athu a ku Joni potumiza ndalama pa Mukuru. Lero ena mumapereka chopereka cha pamwezi pa Airtel Money kapena pa Mpamba, ndipo asungichuma akuti kaundula wayamba kulongosoka. Mtsikana wathu wina wa ku koleji anandiuza kuti akasowa tulo amamvera nyimbo zimene kwaya yathu inajambula. Zonsezi ndikuyamika Mulungu.

Koma pali anthu amene tayamba kuwasiya m'mbuyo osazindikira. Mgonero wapitawu tinasintha tsiku la chikonzekero, ndipo tinalengeza pa WhatsApp pokha. Agogo ena a ku dera la kutsidya kwa mtsinje anayenda ndi ndodo yawo ulendo wa maola awiri pa tsiku lakale lija, n'kupeza chitseko chotseka. Anakhala pamthunzi mpaka dzuwa kupendeka, akuyesa kuti abusa achedwa. Agogo amenewa anabatizidwa ine ndisanabadwe. Ndikaganiza za iwo ndimachita manyazi, chifukwa ife a mafoni akuluakulu timayesa kuti tikalemba pagulu ndiye kuti mpingo wonse wamva. Chonsecho ambiri mwa Akhristu athu ali ndi kafoni ka mabatani, ena alibiretu. Wina foni ali nayo koma ya bandulo palibe, poti ndalamayo yapita ku feteleza. Wina foni yake yagona masiku awiri kugolosale kudikira kutchaja, wina netiweki amakaipeza pokhapokha atakwera pachulu. Mpingo ukamayendera foni yokha, usanduka wa anthu a ndalama ndi a kufupi ndi msewu.

Ndakhala ndikuwerenganso makalata a mtumwi Paulo ndi nkhaniyi m'mutu. Iyenso ankagwiritsa ntchito chida cha nthawi yake pofikira anthu akutali. Koma taonani pa Aefeso 6:21-22. Kalata ija sinapite yokha. Anaitumiza ndi Tukiko, kuti akawafotokozere zonse pakamwa ndi kutonthoza mitima yawo. Pa Akolose 4:16 akulamula kuti kalata iwerengedwe pamaso pa mpingo, kuti ndi wosadziwa kuwerenga yemwe amve. Ndipo Yohane, pa 2 Yohane 12, akuti anali nazo zambiri zoti alembe, koma anasankha kudikira kuti akaonane nawo maso ndi maso, chimwemwe chawo chikadzale. Atumwiwo ankadziwa zimene kalata ingathe, ankadziwanso pamene pafunika miyendo.

Tsono bwalo la akulu lagwirizana izi, ndipo ndikupempha kuti tizisunge. Uthenga wa maliro a Mkhristu wathu usalembedwe pa gulu lililonse la mpingo mpaka mkulu wa mpingo wa dera limenelo atatsimikiza kuti a kubanja ndi amfumu amva, ndipo wolemba akhale iyeyo kapena alembi. Zithunzi za mtembo, za ngozi, kapena za wodwala ali pabedi kuchipatala, ayi ndithu. Wina akatumiza, oyang'anira gulu achotse nthawi yomweyo ndipo amuimbire mwachikondi. Munthu ndi chifaniziro cha Mulungu ngakhale atagona m'mbali mwa msewu. Chilengezo chilichonse chotumizidwa pafoni chizinenedwanso m'tchalitchi ndi ku nyumba za mapemphero, ndipo dera lililonse lisankhe achinyamata awiri oti azikafikitsa mauthenga pakhomo pa okalamba ndi odwala. Mukafika kumeneko musangonena n'kutembenuka. Khalani pansi, muwatsegulire ulaliki wa Lamulungu pafoni yanuyo, mumvere nawo limodzi, ndipo mukaona kuti mumtsuko mulibe madzi, katungeni.

Pa za ndalama ndinene mwachidule. Nambala za mpingo zolandirira chopereka ndi ziwiri zokha, ndipo zalembedwa pa bolodi la kuvesitili. Mukalandira uthenga woti abusa asintha nambala, kapena ali pamavuto tumizani msanga, musatumize, ameneyo ndi wakuba. Chimodzimodzi alaliki a pa Facebook ndi TikTok amene amati muyambe mwatumiza ndalama kuti akupempherereni. Si onse olalikira pa intaneti amene ali onyenga, ena amaphunzitsa bwino ndipo inenso ndimawamvera. Koma pemphero siligulitsidwa. Amayi ena anagulitsa thumba la mbatata kuti alipire pemphero la mwana wodwala, mwanayo osapita naye kuchipatala. Akanabwera kuno tikanapemphera nawo ulere, n'kuwaperekeza kwa adokotala.

Kwa inu makolo ndi alangizi, pali nkhani ina imene tiyenera kuiyamba ngakhale sitiimaliza lero. Mpingo wathu kalelo unaona kuti ana sangakule opanda mwambo, ndipo m'malo mwa chinamwali unakhazikitsa chilangizo, kusunga ulemu ndi malangizo abwino a makolo powaunika ndi Mawu a Mulungu. Lero mwana amafika ku chilangizo ataona kale zambiri pafoni ya mkulu wake, zina zoti ngakhale alangizi sanazionepo. Tikamamuuza zinthu mophiphiritsa monga tinkachitira kale, iye amangoyang'ana pansi mwaulemu, mafunso ake enieni n'kukafunsa intaneti. Kumulanda foni sikuchotsa zimene waona. Ndikupempha alangizi aamuna ndi aakazi kuti tikumane, tiitanenso achinyamata angapo okhwima maganizo atiuze zimene anzawo akukumana nazo: za zithunzi zolaula, za juga ya mpira imene ikudya ndalama za fizi, za atsikana amene amaopsezedwa ndi zithunzi zawo zomwe. Tikawamvere kaye tisanayambe kuwalangiza.

Ndipo inu achinyamata, musaganize kuti ndimakuonani ngati vuto. Ndinaona mmene munajambulira ngoma ku Umhlangano wa ku Nkolimbo, mutavala zikopa ndi nthenga, n'kutumizira anzanu a kunja monyadira kuti kwathu ndi kuno. Mtima womwewo wonyadira kwanu ubweretseni kumpingo. Pali nyimbo zakale zimene agogo anu amaimba pamaliro ndi pa misonkhano ya misasa, zina sizili m'buku lililonse. Pitani mukawajambule akadali moyo, muwafunsenso mmene Mawu a Mulungu anafikira m'midzi yawo. Pemphani chilolezo musanajambule, ndipo mukatha muwaonetse.

Inu a kutali, pitirizani kumvera ulaliki wa kwanu, timakondwa mukamatiyankha. Koma pezaninso mpingo kumene muliko, mukadziwike kwa akulu a kumeneko, ndipo makalata a umboni tikulemberani mukapempha. Ahebri 10:25 akutichenjeza kuti tisaleke kusonkhana pamodzi. Mgonero sitingakutumizireni pafoni, ndipo mukadwala usiku ku Joni, wokuthamangirani adzakhala Mkhristu wa kufupi nanu.

Loweruka likubwerali, 2 koloko masana, amayi a Chigwirizano ndi a kwaya tidzapita limodzi kukacheza ndi mayi oferedwa aja. Dimba lawo lakhala osathiriridwa chichitikireni maliro, tsono anyamata mutenge makheni ndi makasu, mudzalawire m'mawa. Alangizi tidzakumana Lachitatu lotsatira kuvesitili mapemphero a m'mawa akatha. Amene mwamva kalatayi, kauzeni amene sanabwere.

Ambuye akudalitseni ndi kukusungani nonse.

Ine mbusa wanu mu utumiki wa Khristu.