Kalata kwa mwana wanga amene akupita kunkhondo yakutali

Mwana wanga wokondedwa,

Uthenga wako unatipeza Lachiwiri madzulo. Mayi ako anauwerenga kawiri, kenako anangodzuka n'kukayamba kutsukanso mbale zomwe anali atatsuka kale. Ine ndinakhala pampando mpaka mdima unandipeza pomwepo. Wati gulu lanu lasankhidwa kupita kunja komwe mfuti zikulira, ndipo iweyo wapatsidwa anyamata oposa 30 oti uwatsogolere. Pafoni ndinakuuza kuti ndanyadira, ndipo sindinaname. Koma pali mawu ena amene pafoni amakakamira pakhosi, n'chifukwa chake ndatenga cholembera.

Ukudziwa kuti zaka zonsezi ndakhala ndikuwerenga mbiri ya nkhondo, makamaka ya mayiko ang'onoang'ono amene ankatumiza ana awo kutsidya la nyanja. Kale ndinkaiwerenga ngati nkhani ya anthu ena. Sabata ino ndaiwerenganso ngati kholo, ndipo yandiwawa mwina.

Kum'mawa kwa Canada kuli chilumba chozizira chotchedwa Newfoundland. Mu 1914 linali dziko lokhala ndi boma lakelake pansi pa mfumu ya Britain, la anthu pafupifupi 240,000, ambiri mwa iwo asodzi. Nkhondo yoyamba yapadziko lonse itabuka anasonkhanitsa anyamata oyamba oposa 500. Nsalu ya khaki yokulunga m'miyendo inasowa, ndiye anawaveka yabuluu, dzina loti Blue Puttees n'kuwakanirira mpaka lero. Mu Okutobala chaka chomwecho anakwera sitima yapamadzi yotchedwa Florizel padoko la St. John's, anthu akuwabayibitsa. Mu 1915 anakamenya ku Gallipoli m'dziko la Turkey, kenako anawatumiza ku France.

Pa 1 Julayi 1916, tsiku loyamba la nkhondo ya ku Somme, Newfoundland Regiment inali pafupi ndi mudzi wa Beaumont-Hamel. Magulu awiri amene anatsogola m'mawa umenewo anali atasesedwa kale ndi mfuti za chiwaya za Ajeremani, koma uthenga umene unafika kwa akuluakulu kumbuyo unali wosokonekera, moti ankaganiza kuti ena aboola. Lamulo linabwera loti a Newfoundland apite. Ngalande zopitira kutsogolo zinali zodzaza ndi ovulala, choncho anyamatawo anatulukira pamtunda akadali kumbuyo kwa mzere wawo womwe, n'kumayenda pambalambanda. Kuti adutse waya waminga wa mbali yawo anayenera kuunjikana pamipata yochepa imene inadulidwa, ndipo Ajeremani anali atalozetsa kale mfuti pamipata yomweyo. Amene anaona ananena kuti anyamatawo ankayenda ataweramitsa mitu, chibwano chili paphewa, monga ankachitira kwawo polimbana ndi mphepo yachisanu. Theka la ola silinakwane. Mwa anthu pafupifupi 800 amene anatuluka, amene anayankha poitana mayina m'mawa mwake anali 68 okha. Ena onse anafa, anavulala kapena anasowa.

Tsono tamvera apa, chifukwa ndi pamene pagona nkhani yanga. Tsiku lomwelo asilikali a Britain onse pamodzi anataya anthu oposa 57,000, akufa ndi ovulala. M'buku la mkulu wa nkhondo, anthu 700 aja anali kamzere kamodzi pakati pa mizere yambirimbiri. Koma pachilumba paja panalibe doko kapena msewu umene sunalire maliro. Banja limodzi, la Ayre, linataya anyamata anayi tsiku limodzi. Ngongole za nkhondoyo, pamodzi ndi za njanji ndi kugwa kwa mtengo wa nsomba, zinalemera dzikolo mpaka mu 1934 linasiya kudzilamulira, ndipo mu 1949 linalowa m'dziko la Canada. Mfumu inapatsa gululo dzina laulemu loti Royal, ndipo ku Beaumont-Hamel kuli chipilala cha nyama yakwawo yotchedwa caribou. Ulemuwo unali wowayenera, koma sunabwezere mayi aliyense mwana wake.

Dziko laling'ono lilibe ana apadera osungira mawa. Likabwereketsa asilikali ake kunkhondo yaikulu, amakalowa pansi pa akuluakulu amene sadziwa amayi awo, sadziwa chilankhulo chawo, ndipo sadzapita kumaliro awo. Sindikunena kuti akuluakuluwo ndi oipa mtima. Munthu amene akuyang'ana mapu a dziko lonse sangaone nkhope ya msilikali mmodzimmodzi. Amene angaione ndi iweyo, ndipo ngati suiona iwe palibenso wina.

A ku New Zealand anaphunzira zimenezi ndi magazi. Anali anthu ongopitirira pang'ono 1 miliyoni, koma anatumiza kunja pafupifupi 100,000, ndipo pafupifupi 18,000 anafa. Pa 12 Okutobala 1917, ku Passchendaele m'dziko la Belgium, anthu awo oposa 800 anafa tsiku limodzi. Mizinga yawo inali itatitimira m'matope, ndipo azondi amene anatumidwa kutsogolo anapeza waya waminga wa adani uli chiimire, wosadulidwa. Zimenezi zinadziwika asanayambe kuukira, koma anapitabe. Nkhondo yachiwiri itabwera, boma la New Zealand linapatsa mkulu wa asilikali ake, Bernard Freyberg, chikalata chomuloleza kulankhula mwachindunji ndi boma lakwawo, komanso kuima nganganga ngati akuluakulu a Britain akufuna kugwiritsa ntchito asilikaliwo mowawononga. Anazindikira kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Iwe suli Freyberg, ndipo nyota zako n'zochepa. Lamulo likabwera uzilimvera, poti usilikali wopanda kumvera ndi chipwirikiti chokhala ndi mfuti. Koma kumvera sikutanthauza kusoka pakamwa. Ukaona kuti msewu umene akuti mudutse uli ndi zizindikiro za mabomba okwirira, nena. Wailesi zikafa, zipolopolo zikachepa, anyamata akakhala masiku atatu osagona, nena, ndipo unene mwaulemu, momveka, nthawi ikadalipo. Usakometse lipoti pofuna kuoneka wolimba pamaso pa azungu kapena akuluakulu a mayiko ena. Chiyeso chimenechi chimagwera kwambiri asilikali a mayiko ang'onoang'ono: amafuna kuonetsa kuti nawonso ndi amuna, ndiye amavomera ntchito imene ena akuizemba. Kulimba mtima kwa anyamata ako sindikukayikira n'komwe. Mantha anga ali pa kulimba mtima kogwiritsidwa ntchito mosasamala.

Ugule kabuku kakang'ono kokwana m'thumba la malaya, ukakulunge m'pulasitiki. Mulembemo dzina lonse la msilikali aliyense amene ali m'manja mwako, kwawo, dzina la mayi ake kapena mkazi wake, ana ake angati. Ndikudziwa kuti ku ofesi zonsezi zili mu kompyuta, koma lembabe ndi dzanja lako. Munthu amene walemba yekha dzina la mwana wa mnzake amaganiza kawiri asanamutume. Ulembenso omasulira, madalaivala ndi onyamula katundu a m'dziko limene mukupitalo. Pankhondo yoyamba ija, kuno ku Africa, asilikali a King's African Rifles anathamangitsana ndi gulu la mkulu wa asilikali a Ajeremani, Paul von Lettow-Vorbeck, kwa zaka zinayi, ndipo chakudya ndi zipolopolo zawo zinkayenda pamitu ya amtengatenga. Anthu amenewa anafa ndi njala, kamwazi ndi malungo m'njira, n'kukwiriridwa popanda chizindikiro. Mu 2021 bungwe losamalira manda a asilikali la Commonwealth War Graves Commission linavomera poyera kuti anthu osachepera 116,000, ambiri a ku Africa ndi ku Middle East, sanakumbukiridwe ndi mayina awo monga anachitira ndi azungu, ndipo mwina chiwerengerocho chimafika 350,000. Ndikawerenga zimenezi mtima umandipweteka kuposa za ku Somme. A ku Newfoundland tikudziwa kuti anatsala 68. Awa palibe anawaitana mayina.

Chinanso chimene achinyamata amachipeputsa ndi matenda. Mu 1944 asilikali ochokera ku Nyasaland, Kenya, Uganda, Tanganyika ndi Northern Rhodesia, a 11th East African Division, anatumizidwa m'chigwa cha Kabaw ku Burma nthawi ya mvula yamphamvu, pamene magalimoto sankayenda ndipo chakudya chinkaponyedwa kuchokera m'ndege. Anakankha asilikali a Japan mpaka kumtsinje wa Chindwin, zovala zosauma, misundu ili m'miyendo. Kunkhondo ya ku Burma malungo ndi kamwazi zinagwetsa anthu ambiri kuposa zipolopolo, moti mkulu wa nkhondo William Slim ankachotsa paudindo mtsogoleri wa gulu limene asilikali ake sankamwa mankhwala a malungo. Choncho usachite manyazi kuuza anyamata akuluakulu kuti avule nsapato uwaone mapazi. Uwaimirire akamamwa mapiritsi, uone masikito awo, ufunse kumene madzi atungidwa. Ntchito imeneyi ilibe mendulo, koma ndi imene imabweza anthu kwawo.

Adzakuuzani nkhani za ngwazi, ndipo zina n'zoona. Pa chilumba cha Bougainville m'nyanja ya Pacific mu Juni 1944, kopolo wa Fiji Infantry Regiment dzina lake Sefanaia Sukanaivalu anapulumutsa anzake awiri ovulala, ndipo pobwerera kukatenga wachitatu anawomberedwa m'ntchafu n'kulephera kuyenda. Anzake anayesa kangapo kuti akamutenge, ena n'kuvulala. Iye anawakuwira kuti amusiye, iwo anakana. Ataona kuti sachoka iye akadali moyo, anadzutsa thupi lake pamaso pa mfuti ya adani kuti amuphe, anzakewo apite. Anamupatsa Victoria Cross, mendulo yapamwamba kwambiri ya ngwazi ku Britain, atafa kale. Ndimamulemekeza kwambiri munthu ameneyu. Koma monga bambo wako sindikupemphera kuti ufike pamalo otero. Pemphero langa n'loti ukonzekere bwino ntchito iliyonse kotero kuti pasapezeke mnyamata wako wofunika kusankha chimene anasankha iye.

Za khalidwe kwa eni sinditalikitsa, poti unakulira m'nyumba muno. Mudzapeza anthu anjala, akazi amasiye, atsikana othawa kwawo, ndipo inu mudzakhala ndi chakudya, ndalama ndi mfuti. Msilikali amene amagula thupi la mwana wa mwini ndi chitini cha nsomba ndi chilombo, kaya wavala chipewa cha mtundu wanji. Ukamugwira wako akuchita zimenezo usamubise, ngakhale akhale amene anakupulumutsa dzulo. Dziko lalikulu likachita manyazi limaiwalitsa ndi zinthu zina. Laling'ono limadziwika ndi chimodzi chomwecho, ndipo kambendera kali paphewa lako ndi kamene anthu adzakumbukire.

Ndikufuna uganizenso za kubwerera, ngakhale usananyamuke. Fiji yomweyo inayamba kutumiza asilikali ku Lebanon mu 1978 pansi pa United Nations, ndipo gulu lake lankhondo linakula kuposa mmene zilumbazo zinkafunira. Pa 14 Meyi 1987, Sitiveni Rabuka, amene anatsogolerapo asilikali kunjako, analowa m'nyumba ya malamulo ndi anyamata onyamula mfuti n'kulanda boma, ndipo dzikolo linadzaonanso zotere kangapo. Munthu amene waona imfa amabwera ndi mtima woona anthu wamba ngati ana, ndipo akaona andale akukangana amayamba kuganiza kuti iye angakonze zinthu msanga. Ganizo limenelo likadzakufikira, kaya lidzabwera ndi mnzako wapamtima usiku, ulikane. Mfuti imene uli nayo anakubwereka ndi anthu amene alibe mfuti.

Ndipo ukadzabwera n'kupezeka kuti tulo sitikubwera, chitseko chikamenyeka ukudzidzimuka, mwana akalira ukupsa mtima, usadzathawire kumowa. Ambiri amene anabwerera ku nkhondo zimene ndatchulazi anakhala chete mpaka kumanda, ndipo akazi ndi ana awo ndi amene anasenza chetecho. Udzabwere tidzakhale pansi. Ukadzalephera kulankhula ndi ine, ukalankhule ndi dokotala kapena mnzako amene munali naye, ndipo udzayenderenso anyamata ako mmodzimmodzi, poti udindo wako pa iwo suthera pabwalo la ndege.

Usananyamuke ukonze mapepala ako onse, ndipo mkazi wako adziwe pamene ali, za ku banki ndi za wolandira chuma zomwe. Si kuitana tsoka kumeneko. Ndalama za alawansi mugwirizane awiri mmene muziyendetsera, usadzabwere n'kupeza mkangano m'malo mwa nyumba. Ana ukawauze wekha, uli chogwada kuti maso anu afanane, ndipo usawalonjeze tsiku lobwerera limene suli nalo m'manja.

Mayi ako akuti uziimba Lamlungu lililonse netiweki ikalola, ngakhale mphindi ziwiri, ndipo ukalephera utumize liwu limodzi lokha. Akukonzera masokosi okhuthala mapeya asanu ndi limodzi. Akuti usawapereke onse kwa anzako monga unachitira ku maphunziro kuja, awiri usunge. Tibwera kudzakuperekeza Loweruka, ndipo kabuku kaja ukalephera kukapeza ndibweretsa ine.

Ndine bambo wako.