Lipoti la Nthumwi ku Komiti ya Osaka Mbalame pa Doko la Kachulu

A Wapampando ndi mamembala nonse, ndabwerako ku Zomba kumene munandituma ku msonkhano wokambirana za mbalame za m'madambo. Tsiku loyamba linatha ndi malonje komanso nkhani ya mgwirizano wa Ramsar, wa mayiko woteteza madambo, umene nyanja ya Chilwa inalowamo mu 1996, ndipo zambiri mwa izo mukuzidziwa kale.

Chimene chinandigwira mtima ndi phunziro la timbalame totuwa tija ta milomo yosongoka, timene timathamanga m'matope madzi akamaphwa, ndipo akatswiri amatitcha sandpiper. Ife timatiyesa ta konkuno, pamene timaswana kumpoto kwa Europe ndi ku Siberia, timafika kuno cha mu Seputembala n'kunyamuka mu Epulo. Kamodzi kotchedwa little stint kamalemera magalamu pafupifupi 25 okha, moti nditakaona pa chithunzi kali m'dzanja la munthu, kamphete kachitsulo kolondolera maulendo ake kali kumwendo, ndinakumbukira tambiri timene ndakhala ndikuchotsa pa ulimbo osayang'ana n'komwe miyendo yake. Anatiuzanso za mbalame ina ya mtundu womwewu, bar-tailed godwit, imene mu 2022 inauluka kuchokera ku Alaska m'dziko la America mpaka ku Tasmania m'dziko la Australia masiku 11 osatera.

Msonkhano unagwirizana kuti magulu onse azitenga nawo mbali pa kalembera wa mbalame wa mwezi wa Januwale ndi kulemekeza malo oletsedwa kusakamo. Ine ndinavomera, koma ndinanena poyera kuti si chilungamo kulozera chala wosaka yekha, chonsecho matope amene timbalameti timadyamo akusanduka minda ya mpunga, njedza ikutenthedwa chaka ndi chaka, ndipo nyanja inauma mu 1995 ndi 2018 popanda msampha wa munthu aliyense. Ena sanakondwere nazo, komabe mlembi analemba.

Za kalemberayo ndifunse pano: tidzawerenga ndi chiyani, pamene magalasi oonera kutali amene gulu linalandira akadali m'nyumba ya munthu mmodzi, ndipo nkhaniyi imangodumphidwa pa misonkhano yathu? Kwa amene amanong'ona kuti ndinapita kukadya alawansi, malisiti a minibasi ndi a malo ogona ndapereka kale kwa msungichuma, ndipo aliyense ali ndi ufulu wowaona. Ndikupempha kuti za magalasi zikhale zoyamba kukambidwa tikadzakumananso, Januwale asanafike.